"Galimoto ilipo, koma mafuta palibe": mawu a wapampando wa zachitetezo cha m'mudzi pa msonkhano wa kwa Ngabu

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Sunthirani kuno kumthunzi, dzuwa la kwathu kuno silinyengerera munthu.

Ndiyambe ndi zanga zomwe. Chaka china anandithyolera khola usiku, ng'ombe zitatu zinapita, imodzi ili ndi bere. M'mawa ndinakwera kabaza kukanena kupolisi. Ndinapeza bwana mmodzi yekha pakauntala, akulemba sitetimenti ya mayi wina, foni ikulira, m'chitokosi wina akugogoda kufuna madzi. Atandimvetsera anati, "Bambo, galimoto ilipo, koma mafuta palibe." Ndinatuluka nditapsa mtima, ndikuti awa akufuna ya fanta basi. Nditalowa m'komiti ino ndi pamene ndinaona kuti tsiku lija bwanayo sankanama.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa, ndipo ku Nsanje pafupifupi 300,000. Kuchokera nthawi imeneyo tabereka angati? M'dziko muno wapolisi mmodzi amayang'anira anthu oposa 1,000. Ndiye pa apolisi ochepa omwewo chotsani amene ali pa rodibuloko, amene aperekeza akaidi kukhothi, amene ali kuchipata cha Marka kumalire ndi Mozambique, amene agwira usiku ndipo akugona, wina wapita kumaliro. Wotsala woti athamangire ng'ombe zanu ndi uja ndinamupeza pakauntala.

Malo athunso ndi ovuta. Mvula ikagwa, munthu wa ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, kuti afike ku Nsanje boma ndi bwato, apo ayi azungulire ku Thabwa, akawoloke pa mlatho wa Kamuzu, atsikenso kudzera ku Nchalo ndi Bangula. Munaona nokha zimene namondwe wa Ana anachita mu 2022, Freddy n'kudzamalizitsa mu 2023. Pamene galimoto ikuzungulira, wakuba wadutsa kale m'tchire, ng'ombe zili ku Mozambique. Ndipo wapolisi wathu sangangolowa m'dziko la eni ndi mfuti, mpaka agwirizane kaye ndi anzake a tsidyalo.

Tsono ndalama za apolisi zimachokera kuti? Apa mvetsetsani, chifukwa ambiri timakalipira a DC kapena khansala. Apolisi sali pansi pa khonsolo. Likulu lawo lili ku Area 30 ku Lilongwe, pansi pa unduna woona zachitetezo cha m'dziko, ndipo ndalama zawo amavomereza ndi aphungu ku Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti, imene masiku ano imayamba pa 1 April. Malipiro ndi thumba lina. Mafuta, matayala, mapepala, magetsi, zimenezo ndi thumba linanso, ndipo ndi limeneli limene limafika mochedwa ndiponso lopyapyala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta anakwera, ndalama yomwe ija n'kuyamba kugula malita ochepa. Kulemba apolisi atsopano nakonso si nkhani ya dzulo ndi lero: munthu akaphunzire kaye miyezi ingapo ku Limbe, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni, akamaliza asowenso nyumba yogona kuno.

Ee, amayi, ndamva. Akuti nanga bwanji ena amatiuza tilipire belo? Funso labwino. Belo ya kupolisi ndi yaulere, musapereke ngakhale kobiri. Kusowa kwa mafuta ndi nkhani ina, dyera la munthu ndi nkhani inanso, ndipo ine sindibwera pano kudzaikira kumbuyo aliyense. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, la ICC. Komanso wogwidwa ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48, kupatula ngati masiku ake agwera pa Loweruka, Lamulungu kapena tchuthi.

Tsopano ndifike pamene pakundipweteka. Tikatopa timati tithana naye tokha, wina abweretse tayala ndi petulo. Mu 2016 ku Nsanje anthu asanu ndi awiri anawotchedwa powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Khothi silinawamve, ndipo amene ankawatuma, ngati analipo, anapita ndi chinsinsi chawo. Wakuba ng'ombe sakhala yekha, pali wogula, pali wa lole yokwera nazo ku Blantyre. Mukamupha, enawo mawa apeza mnyamata wina. Penanso mkwiyo timakathera pa polisi yeniyeniyo, kuswa magalasi, kuyatsa ofesi. Apolisi amasamuka, ndipo mayi wogwiriridwa amene akanayenda mtunda waufupi kukafika ku Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ayamba kufuna ya basi.

Nanga ife tichite chiyani? Za chitetezo cha m'mudzi zinayamba m'ma 1990, koma makomiti ambiri anatsala dzina lokha. Anyamata olondera usiku safuna zambiri: tochi, wenzulo, mayunitsi a foni. Akagwira munthu asamumenye, amusunge, aimbe foni. Ng'ombe zanu zikhale ndi chizindikiro, ndipo mfumu ikhale ndi buku lolembamo za aliyense. Ine zanga zija zinalibe chizindikiro chilichonse, ngakhale zikanapezeka ndikanalozera chiyani? Ng'ombe ikamatuluka m'mudzi pakhale kalata ya mfumu ndi chitupa cha alangizi a ziweto. A butchala, ndikukuonani apo, nyama yobwera mbandakucha yopanda chitupa muziikana.

Mlandu uliwonse kanenedwe, ngakhale wa mbuzi imodzi. Kulikulu amaona zolembedwa. Tikangokhala chete, m'mabuku mwawo kwa Ngabu kuli mtendere, ndiye atitumizirenji apolisi ena?

Nkhani ya nyumba za apolisi ndi ofesi yaing'ono tiyiyambire ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, ipite ku komiti ya chitukuko ya dera, ya ADC, ikalowe m'mapulani a thumba la chitukuko cha dera la phungu, la CDF. Aphungu akadzabwera tisadzangopempha mabokosi a maliro, tidzawafunse kuti pa bajeti ya apolisi anayankhulapo chiyani. A sekiletale, lembani mayina a amene akufuna kulowa gulu lolondera, tiyambire mbali ya amayi iyi.