Dzina la Asiyatu: komwe lidachokera, tanthauzo lake ndi kalembedwe kake

Mafumu athu, mashehe, amayi ndi abambo, takulandirani nonse. Amene mwakhala kumbuyoko senderani pafupi, chifukwa nkhani ya lero ili ndi zilembo zofunika kuzimva bwinobwino. Tikambirana dzina limodzi la mwana wamkazi, dzina la Asiyatu.

Mukayenda kwa Makanjira, ku Namwera, kwa Jalasi kapena konkuno kwa Mponda, mupeza agogo ndi amayi angapo odziwika ndi dzinali. Koma tapitani kusikelo ya ana mukamve maina amene akuitanidwa masiku ano. Mumva Shakira, Shamimu, Aisha, Zainabu, pamene Asiyatu akumveka mwa apo ndi apo. Mukatuluka m'maboma amene muli Asilamu ambiri, monga Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, dzinali limakhala lachilendo ndithu. Mtsikana akapita nalo kusekondale yakutali, anzake amatha kumufunsa kuti, "Iwe adakusiya ndani?" Funso lotere limapweteka mwana, ndipo makolo ena alileka dzinali chifukwa cha zomwezo.

Tiyambire pamenepo. M'Chichewa tili ndi maina monga Masiye ndi Siyeni, ochokera ku mawu akuti kusiya, ndipo kawirikawiri amaperekedwa pabanja pamene pagwa maliro kapena mkangano. Khutu la Mchewa likamva Asiyatu limaganiza kuti ndi gulu lomwelo, ngati munthu akudandaula kuti "asiyatu!" Sichoncho ayi. Dzinali si la Chichewa, si la Chiyao. Ndi la Chiarabu, ndipo tsinde lake ndi Asiya.

Asiya ndi mkazi wa Firauni, mfumu ya ku Iguputo imene Akhristu amaitchula Farao. Qur'an imamutchula kuti mkazi wa Firauni osanena dzina lake. Mu Sura 28, ndime 9, ndi iye amene akuchonderera mwamuna wake kuti asaphe khanda lotoledwa pamtsinje, khanda limene lidakula kukhala mneneri Musa. Mu Sura 66, ndime 11, akupempha Mulungu kuti am'mangire nyumba pafupi ndi Iye ku Janna, ndiponso kuti amupulumutse kwa Firauni ndi zochita zake. Dzina lenilenilo timalipeza m'hadisi, nkhani zosunga mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad. M'buku la Bukhari, Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, akutchula Asiya mkazi wa Firauni pamodzi ndi Mariamu mwana wa Imrani ngati akazi amene adafika pa ungwiro. Abale athu Achikhristu muli pano mukudziwa kuti mu Eksodo mutu 2 amene adatola Mose ndi mwana wamkazi wa Farao. Kusiyana kumeneko kulipo, ndipo n'chifukwa chake dzinali simulipeza m'maina a ubatizo.

Nanga tanthauzo? Odziwa Chiarabu amalilumikiza ndi mawu onena za kuchiza bala ndi kutonthoza wovutika. Asiya ndi mkazi wosamalira mabala, wotonthoza. Ndiye taonani, dzina limene anthu akuliyesa la mwana wotayidwa ndi la mayi amene adakana kuti mwana wotayidwa aphedwe.

Pali vuto lachiwiri, ndipo ili limasokoneza ngakhale amene adapita kumadrasa. M'Chiarabu muli maina awiri amene ife tikamalemba ndi zilembo zathu onse amatuluka Asiya. Loyamba, la mkazi wa Firauni, limayamba ndi alifu yokoka, kenako sini, ija yopepuka ngati s wa mawu akuti sabata. Lachiwiri limayamba ndi aini, chilembo chotulukira kukhosi, kenako swadi, s wolemera. Lachiwirili limatanthauza mkazi wosamvera, wopanduka. M'buku la Muslim muli hadisi yonena kuti mwana wamkazi wa Umar ankatchedwa dzina lachiwirili, ndipo Mtumiki adalisintha n'kumutcha Jamila, kutanthauza wokongola. Munthu akangomva hadisi imeneyi osaona zilembo zake, amathamanga kukauza makolo kuti Asiya ndi dzina loletsedwa. Loletsedwa ndi la aini ndi swadi. La alifu ndi sini ndi dzina laulemu kwambiri. Makolo, mukakayika, pemphani shehe kapena mwalimu akulembereni dzinalo m'Chiarabu, muone chilembo choyamba ndi maso anu.

Musalisokonezenso ndi Aisha. Aisha ndi mkazi wa Mtumiki, ndipo dzina lake limachokera ku mawu onena za moyo. Ndi anthu awiri osiyana, maina awiri osiyana, ngakhale kuti olemba m'mabuku amawasinthanitsa kawirikawiri.

Tsono "tu" wakumapetoyo adachokera kuti? Ambiri amaganiza kuti ndi "tu" wathu wotsindika, ngati tikamati bweranitu. Iyayi. Maina ambiri a akazi m'Chiarabu amathera ndi chilembo chotchedwa ta marbuta. Ukaima pa dzinalo chilembocho sichimveka ngati t, umangoti Asiya. Ukapitiriza kuwerenga, t amatuluka, ndipo dzinalo likakhala mwini nkhani m'chiganizo limamveka Asiyatu. M'hadisi ija timawerenga kuti Asiyatu imra'atu Firauna. Makolo athu adalitenga dzinali momwe linkamvekera pakamwa pa owerenga, lathunthu. Si ife tokha. Ku Nigeria kuli Aishatu, ku Senegal ndi Guinea kuli Aïssatou, ndipo "tu" wawoyo ndi yemweyu. Choncho Asiyatu si dzina lopotoka kapena lakumudzi monga ena amanenera. Ndi Chiarabu chowerengedwa mpaka kumapeto.

Maina ena ndiwo adasinthadi pofika kuno, chifukwa lilime lathu limafuna kuti liwu lithere ndi a, e, i, o kapena u. Maryam adakhala Mariamu, Said adakhala Saidi. Chiyao sichidazolowere f, ndiye Fatima adakhala Patuma. R adasanduka l, Rajab n'kukhala Lajabu, Rashid n'kukhala Lashidi. Mainawa adabwera ndi malonda a pakati pa Ayao ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi Zanzibar. Kuyambira cha m'ma 1870 mafumu monga Makanjira, kenako Mponda ndi Jalasi, adalowa Chisilamu, ndipo aphunzitsi monga Shehe Abdallah Mkwanda ndi Shehe Thabit Ngaunje adafalitsa kuwerenga Qur'an m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, likamakhazikitsidwa mu 1891, maina a Chiarabu anali atayamba kale kuzika mizu kuno.

Tsopano za kuchita. Mwana wamkazi wabadwa, mwasankha Asiyatu. Pa Chisilamu mwana amam'werengera azana, mawu oitanira anthu kumapemphero, kukhutu lamanja akangobadwa. Dzina limaperekedwa tsiku lobadwa kapena tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo powerenga masikuwo tsiku lobadwalo ndi loyamba. Wobadwa Lolemba, tsiku lake ndi Lamulungu. Patsikulo mwana amametedwa, ndipo makolo amapereka sadaka ya mtengo wa siliva wolemera ngati tsitsilo. Akika, nsembe yophedwa chifukwa cha kubadwa kwa mwana, ya mwana wamkazi ndi mbuzi imodzi, ya mwamuna ziwiri. Mbuziyo ikhale yokwanitsa chaka, yosadwala, yosapunduka. Ndalama zikavuta, ambiri amachita pa tsiku la 14 kapena la 21. Koma dzina lisadikire mbuzi. Apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa, mwana amatha miyezi akungotchedwa khanda chifukwa bambo ali ku Joni ndipo ndalama ya mbuzi sinafike.

Kudikirako kuli ndi mtengo wake. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, mu gawo 23, amati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake, dzina la banja ndi unzika. Lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire. Wobadwira kuchipatala amalembedwa konko pa fomu ya kubadwa, NR8, ndipo wobadwira kumudzi amafunika umboni wa mfumu. Mayi akamatuluka m'chipatala dzina lisanagwirizanidwe, amatchula lililonse lomwe labwera m'mutu, kapena agogo operekeza amatchula lawo. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri shehe akutchula Asiyatu, pamene pepala likunena zina. Ndiye gwirizanani dzina mimba isanafike mwezi wachisanu ndi chinayi. Akuchimuna ndi akuchikazi akambirane, amalume a mwana adziwe, ndipo bambo akakhala kutali alankhule pafoni nthawi ikadalipo.

Mukagwirizana, lembani dzinalo papepala ndi zilembo zikuluzikulu: A, S, I, Y, A, T, U. Zilembo 7. Pepalalo mayi alisunge m'kabuku kake ka kusikelo. Musadalire kutchula pakamwa, chifukwa wolemba amalemba chimene wamva. Wina alemba Asiatu, wina Asyatu, wina Assiyatu, wina Asiya, ndipo wosalidziwa angolemba Aisha. Zonsezi pakhomo ndi munthu mmodzi, koma pa kompyuta ndi anthu asanu. Fomu isanachoke m'manja mwanu, werengani chilembo chimodzichimodzi, kapena pemphani wodziwa kuwerenga akuwerengereni mokweza.

Kalembedwe kameneko kasasinthenso. Kakhale komweko m'kabuku ka kusikelo, pachiphaso chobadwira, m'kaundula wa Sitandade 1, ndiponso polembetsa mayeso a MANEB mu Sitandade 8, chifukwa dzina la pamenepo ndi limene limayenda naye mpaka pa satifiketi ya MSCE. Akakwanitsa zaka 16 atenga chiphaso cha unzika ku NRB. Kuchokera pa kalembera wamkulu wa 2017, chiphasochi ndicho chimafunsidwa kubanki, polembetsa nambala ya foni ndi popanga pasipoti. Satifiketi ikati Asiatu, chiphaso n'kumati Asiyatu, mtsikanayo adzaimitsidwa pofunsira ntchito kapena malo kukoleji chifukwa cha y mmodzi.

Amayi, nkhani iyi ikukhudzani kwambiri. Mwambo wathu umalemekeza mkazi pomutcha Abiti, kuchokera ku binti, kutanthauza mwana wamkazi wa uje. Abiti Saidi ndi mwana wa Che Saidi. Ndi ulemu wabwino ndipo palibe akuti tiusiye. Koma Abiti si dzina la munthu. Che Saidi akakhala ndi ana aakazi anayi, onsewo ndi Abiti Saidi. Mkazi akalembetsa choncho pa fomu, dzina lake lenileni latayika, ndipo iye ndi achemwali ake sasiyanitsika m'kaundula wa ngongole, wa makuponi kapena wa malo. Pa mzere wa dzina loyamba lembani Asiyatu. Abiti atsale pakamwa, pamaliro, paukwati ndi popatsana moni.

Pa mzere wa dzina la banja palinso msampha. Kuno mwana amatenga dzina loyamba la bambo ake, ndiye dzina lachiwiri limasintha m'badwo uliwonse. Komanso mwana woleredwa kwa amalume amatha kulembetsedwa kusukulu ndi dzina la amalumewo. Sankhani limodzi pa tsiku loyamba, makamaka limene lili pachiphaso cha unzika cha bambo kapena mayi, ndipo ana onse a m'nyumbamo atenge lomwelo. Dzina latsopano limene mtsikana angapatsidwe kuchinamwali, kapena limene anzake angamutche kusukulu, lisalowe m'mapepala.

Nanga amene mapepala adasiyana kale? Konzani mwana asanalembe mayeso a Sitandade 8, chifukwa pamenepo n'kosavuta. Tengani chiphaso chobadwira mupite kwa mphunzitsi wamkulu kuti kaundula wa sukulu afanane nacho. Ngati cholakwika chili pachiphaso chenichenicho, pitani ku ofesi ya kalembera kuboma mutanyamula kabuku ka kusikelo, ziphaso za makolo ndi kalata ya mfumu yotsimikiza kuti maina awiriwo ndi a mwana mmodzi. Kwa wamkulu amene satifiketi yake idatuluka kale, nthawi zambiri pamafunika kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya, ndipo pamakhala ndalama yolipira ndi maulendo obwerezabwereza. Kwa munthu wochokera kwa Makanjira kapena kwa Katuli, thiransipoti yokha imaposa mtengo wa nkhuku zingapo.

Mwalimu ali apayu wabwera ndi choko ndi bolodi. Amene muli ndi ana kapena zidzukulu zotchedwa Asiyatu, Asiya kapena Aisha, bwerani kutsogolo ndi timabuku tawo ta kusikelo, akulembereni maina atatuwa m'Chiarabu ndi m'zilembo zathu, tifananitse ndi zimene zidalembedwamo.