Tolani njere, musakumbe maluwa a kutchire

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, monire mose.

Za mwana wa kuno ku Chibavi mu Mzuzu amene anagonekedwa kuchipatala mwazimva. Akuluakulu anakumba kutchire duwa lija loyanga, lofiira mosakanikira chikasu, la Gloriosa, kuti adzale pakhomo. Mizu yake anaisiya pakhonde, mwana n'kuiyesa mbatata. Chomera chimenechi ndi poizoni chonse, makamaka mzu ndi njere. Ndiye ndikuti musakumbe. Mukafuna maluwa a kutchire, tolani njere, ndipo za Gloriosa zikhale pamwamba, posafika ana.

Kuno mvula imachedwa kutha, choncho njere zambiri zimakhwima kuyambira Meyi mpaka Julayi, moto wa tchire usanayambe. Pitani masana, mame ndi chifunga zitachoka. Khoko likhale louma, lofiirira, loti mukaligwedeza lizilira. Laliwisi lisiyeni, limangochita nkhungu. Pa makoko 5 tengani limodzi. Enanu mumapulula chitsamba chonse ngati mukukolola nyemba zanu, chaka chamawa pamera chiyani? Ku Nyika ndi m'nkhalango ya Kaning'ina ayi, n'kotetezedwa, simungatole popanda chilolezo.

Ee, mayi, funsani.

"Nanga maluwa a chinaka aja, tingafese?"

Mwafunsa bwino, mayi. Chinaka, chakudya chija ena amati chikande, chimachokera ku mizu ya maluwa otchedwa orchid, ndipo ku Nyika kokha kuli mitundu pafupifupi 200. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chosungira mkati monga ilili njere ya chimanga. Kuti imere imadalira tinkhungu tina ta m'nthaka ya kumene inabadwirako, timene timaidyetsa. M'chitini cha pakhomo panu tinkhungu timeneto mulibe, ndiye mudzathirira mpaka kutopa, osaona kanthu. Mukakumba mzu wake n'kubwera nawo, mwina uchita maluwa kamodzi, kenako basi, pomwe kudambo kuja mwasiya dzenje. N'chifukwa chake okumba chinaka akupita kutali chaka ndi chaka. Amenewa kawaonereni komweko. Musakumbe.

Ndaona kumbuyoko mwayamba kuyang'ana misika yanu, ndifulumire. Njere ikani mu envulopu ya pepala, osati m'jumbo, chifukwa jumbo imachita thukuta njere n'kuwola. Lembani malo ndi mwezi. Yanikani pa lichero pamthunzi masabata 2, petani, sungani m'botolo louma lotseka bwino mpaka Disembala, mvula ikakhazikika. Za aloe musasunge nthawi yaitali, zimamera bwino zikadali zatsopano.

Dothi: magawo 2 a dothi la pansi pa mitengo, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje, chitini chibooledwe pansi. Feteleza ayi, maluwawa anazolowera nthaka yosauka, mukawapatsa wambiri amangochita masamba. Njere zolimba khungu, za m'makoko onga a nyemba, viikani m'madzi otentha koma osawira, zigone usiku umodzi. Zazikulu kwirirani kuya kowirikiza kawiri kukula kwake, zazing'onozing'ono ingowazani pamwamba n'kupsinja ndi dzanja. Madzi pang'ono, m'mawa. Mbande zikamagwa zitafooka patsinde, madzi achuluka kapena mwafesa mothithikana. Za Gloriosa zimachedwa kumera, maluwa mudikira zaka zingapo, ndipo mukazigwira sambani m'manja.

Lantana ndi deliya si za kwathu kuno, zimalanda malo, musazifese. Duwa limene simukulidziwa lijambuleni pa foni mukafunse ku Botanic Garden, munda uja wosungirako zomera kuno ku Mzuzu, osalizula.