Kumangira Khola Mwana wa Bilimankhwe Kuno ku Chigwa

A mfumu, aphunzitsi anzanga, makolo nonse amene mwasiya ntchito za kudimba kuti mukhale nafe pansi pa mtengo uno, ndi inu ana a kalabu ya zachilengedwe, ndakulandirani ndi manja awiri. Chatisonkhanitsa ndi kanyama kamene kali m'dengu ili. Ndi mwana wa bilimankhwe, amene ana athu anamutola dzana pamene tchire la kuseri kwa sukulu linkalambulidwa, ndipo popeza apempha kuti amusunge kwa kanthawi aphunzirepo, ndaona kuti ndi bwino tonse timvere limodzi mmene khola lake liyenera kukhalira.

Ndaona kuti ena mwasendera kumbuyo nditangotchula dzinalo, ndipo sindikukudzudzulani. Tonse tinakula tikumva kuti bilimankhwe, amene ena amati nanzikambe, anachedwa panjira ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa, ndipo ena tinaonapo anthu akumuthira fodya m'kamwa kuti afe. Koma ndikunena motsimikiza kuti nyama imeneyi ilibe ululu. Mukaipanikiza imafufuma, imayasama ndi kupemerera, ndipo ikhoza kukulumani, koma kuluma kwake sikuposa kutsinidwa. Chakudya chake ndi ziwala, ntchentche ndi tizilombo tina timene timavutitsa m'minda mwathu.

Amene ali m'dengu muno ndi wa mtundu wofala kuno ku chigwa, uja wokhala ndi tizikopa tonga makutu kumbuyo kwa mutu, amene akakula amafika masentimita 30 kapena 35 kuwerengera ndi mchira womwe. Mayi wake amatsika mumtengo, amakumba una, amaikira mazira oposa 20, amakwirira n'kuchoka osabwereranso, ndipo mazirawo amakhala m'nthaka miyezi 9 kapena kuposerapo asanaswe. Choncho mwana wa bilimankhwe amene mwamupeza yekha pakamtengo si wamasiye. Amayamba kusaka yekha akangotuluka m'nthaka, ndipo ngati tchire lake lilipo, musiyeni pomwepo. Uyu tamutola chifukwa tchire lake latha. Komanso dziwani kuti malamulo a dziko lino salola munthu kungosunga nyama yakuthengo popanda chilolezo, n'chifukwa chake sukulu iyenera kukaonana ndi a nthambi yoona za nyama zakuthengo, amene ali ndi ofesi ku Lengwe, isanapitirize kusunga kanyama aka. Ndipo pali mtundu wina umene simuyenera kuukhudza n'komwe. M'zidutswa za nkhalango zotsala pa mapiri a Malawi Hills ku Nsanje muli bilimankhwe wamng'ono kwambiri, wa masentimita osafika 6, amene akatswiri anamupatsa dzina la Chapman mu 1992, ndipo kwawo kwenikweni ndi mapiri amenewo basi pa dziko lonse lapansi. Nkhalangoyo itadulidwa kwambiri, ambiri ankaopa kuti anatheratu, mpaka ofufuza anamupezanso mu 2016. Ameneyo akachotsedwa m'nkhalango yonyowa n'kutsitsidwira kuno kotentha, sachedwa kufa.

Ndisanafotokoze za kamangidwe, ndikuuzeni cholakwa chimene ndinachita ndili mnyamata, chifukwa chimandipwetekabe mumtima. Ndinatola mwana wa bilimankhwe wofanana ndi uyu n'kumuika m'botolo lalikulu lagalasi, ndinaboola chivundikiro, ndinaikamo kamtengo ndi kachitsekero ka madzi, kenako ndinaliika pawindo poganiza kuti ndamukonzera pabwino. Pofika masana ndinamupeza ali pansi pa botolo, thupi litatuwa ngati phulusa, kamwa lili yasa, maso atalowa mkati, madzi aja ali chikhalire osawakhudza. Sanafike madzulo. Panalibe chimene ndinam'mana mwadala, koma ndinamusunga ngati mmene timasungira nsomba kapena mwanapiye, pamene iye ndi nyama ya m'mwamba mwa mtengo, mmene mumapita mphepo, mmene muli dzuwa ndi mthunzi pafupipafupi, mmenenso madzi amabwera ngati madontho a pamasamba. Khola lake liyenera kukhala ngati chigawo cha mtengo chimene tachizinga ndi sefa.

Choncho khola likhale lalitali kupita m'mwamba, osati lotambalala ngati la akalulu. Kwa mwana wa msinkhu uwu, masentimita 40 mulifupi, 40 mulitali ndi 75 kupita m'mwamba ndi okwanira, ndipo sitikulitsa kuposa pamenepo chifukwa m'khola lalikulu mwana amavutika kupeza chakudya, nafenso timavutika kuona ngati wadya. Mafelemu akhoza kukhala a matabwa opepuka kapena nsungwi, ndipo mbali zonse zinayi ndi pamwamba pomwe tikute ndi sefa uja wa m'mawindo woletsa udzudzu. Waya wa khola la nkhuku sayenera, chifukwa mabowo ake ndi aakulu moti mwana akhoza kutuluka, njoka ya nalikukuti imene imakonda kudya abilimankhwe ikhoza kulowa, komanso wayayo amacheka zala. Ndikuchondererani makamaka pa chinthu chimodzi: musadule neti ya udzudzu imene munalandira ku chipatala kuti mukutire khola. Neti imeneyo ili ndi mankhwala ophera tizilombo, amene adzapha chakudya chake n'kumudwalitsanso iye, ndipo ntchito ya netiyo ndi kuteteza ana anu ku malungo.

Kholalo liikidwe pa miyendo yotalika pafupifupi mita imodzi, chifukwa bilimankhwe amadekha akakhala pamwamba n'kumationa ife tili m'munsi, komanso kuti atalikirane ndi nkhuku, amphaka ndi agalu. Mwendo uliwonse uime m'kachitini ka madzi, pakuti linthumbu likalowa usiku, mwana wotere sangadzipulumutse. Pansi pa khola musathirepo mchenga kapena utuchi, chifukwa akaponya lilime amameza ndi zimenezo n'kutsekeka m'mimba. Pakhale poyera, pabooledwe kuti madzi azituluka, ndipo pazipukutidwa tsiku lililonse.

Tsopano yang'anitsitsani phazi lake pamene akuyenda pa kamtengo ndagwiraka. Zala zake zinalumikizana m'magulu awiri, ziwiri mbali ino zitatu mbali inayo, ngati mbaniro, ndipo mchira nawo umakulunga nthambi ngati dzanja lachisanu. Phazi lotere limafuna nthambi imene lingaizungulire, ndiye kwa mwana uyu tinthambi tisanenepe kuposa pensulo, tina tikhale toonda ngati phesi la udzu. Timangirireni mopingasa, tina m'mwamba, tina pakati, tina m'munsi, kuti akhale ndi njira zoyendamo. Pakati pa khola muike mtengo wamoyo wa m'chitini, monga mbande ya kachere kapena duwa la hibiscus, wa masamba ochuluka moti inu mukamamufuna muzichita kuyang'anitsitsa. Mukamamuona mosavuta nthawi zonse, dziwani kuti masamba achepa ndipo iye akukhala mwamantha. Nkhadze musaiyandikize, chifukwa utomoni wake umawononga maso.

Nkhani imene ndikufuna kukhalitsapo ndi ya dzuwa, chifukwa kuno ku chigwa ndi pamene pagona moyo ndi imfa ya kanyama aka. Bilimankhwe sapanga kutentha m'thupi mwake ngati mmene timachitira ife. M'mawa amakwera poyera, amadetsa khungu lake, amaphwatalala n'kulozetsa nthiti kudzuwa mpaka thupi litafunda, kenako amabwerera m'masamba. Kusintha mtundu kumene timadabwa nako kumatsata kwambiri kutentha ndi mmene mtima wake ulili, osati kungofanana ndi pamene wakhala. Dzuwa lomwelo lili ndi cheza china chosaoneka ndi maso chimene chimathandiza khungu kupanga vitamini D3, ndipo popanda vitamini ameneyu thupi silingatenge kashiamu wa m'chakudya, mafupa a mwana amafewa, miyendo imapindika, chibwano chimalobodoka, lilime limalephera kufika patali. Cheza chimenechi sichidutsa pagalasi, ndiye kuika khola kuseri kwa windo kumangomuwotcha popanda phindu. Anzathu a kumayiko ozizira amagula mababu apadera pa chifukwa chimenechi, pamene ife dzuwa tili nalo lokwanira, vuto lathu n'lakuti limapyola muyezo. Mwana wa bilimankhwe amakhala bwino pa madigiri apakati pa 24 ndi 28, ndi malo owothera ofika cha m'ma 30, koma nonse mukudziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Bangula kutentha kumapitirira 40. Kathupi kochepa chonchi kamauma m'kanthawi kochepa kwambiri.

Ndiye khola liikidwe kum'mawa kwa mtengo wa mthunzi wabwino, monga mango kapena nimu, pamene dzuwa la m'mawa limafika mpaka cha m'ma 9 koloko, kenako mthunzi n'kuphimba tsiku lonse. Theka la denga mulifolere ndi mlaza kapena udzu kuti ngakhale m'mawa momwemo akhale ndi pothawira, ndipo lata musaliyerekeze n'komwe. Masiku otentha kwambiri, pachikani chiguduli chonyowa mbali imene kukuchokera mphepo, ndipo muzichinyowetsanso chikauma. Mukamuona watuwa, wayasama popanda chomuopseza, kapena watsikira pansi pa khola masana, musadikire kuti belu lilire: nyamulani khola lonse mupite nalo pamalo ozizira n'kuwaza madzi pamasamba. Usiku safuna nyali iliyonse. Amagona pansonga ya kanthambi atayezuka, ndipo mdima ndi kuzizirira kwa usiku n'zabwino kwa iye.

Za madzi ndanena kale kuti a m'mbale sawadziwa. Amamwa mame ndi madontho a mvula, ndiye m'mawa kusanatenthe ndi madzulo dzuwa litapepa, wazani masamba mpaka azidontha, koma osalunjika kumaso kwake chifukwa mwana akhoza kutsamwa. Mukhozanso kuboola botolo lapulasitiki ndi singano n'kuliika pamwamba kuti lizidonthezera patsamba pang'onopang'ono. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere, ndiye m'patseni a mvula kapena a pamjigo umene madzi ake sawawa, ndipo chopopera chimene chinalowapo mankhwala a thonje chisafike pafupi ngakhale mutachitsuka. Kuti mudziwe ngati akumwa mokwanira, yang'anani zitosi zake: mbali yoyera ija ikakhala yoyera ndithu, zili bwino, koma ikayamba kuoneka yachikasu chakupsa, maso n'kuyamba kulowa mkati, madzi akuchepa.

Mwana amene akukula amadya tsiku lililonse, ndipo amadya zamoyo zokha, chifukwa chimene chimautsa lilime lake ndi kuyenda kwa kachilombo. Diso lililonse limayang'ana kwakekwake, koma akaona chakudya onse awiri amalunjika pamodzi, lilime n'kufwamphuka kutalika kuposa thupi lake. Kachilombo kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Khoko la mango kapena la nthochi mukaliika m'kachitini pakona ya khola limaitana tintchentche tija ta pa zipatso, timene ndi chakudya chabwino kwa mwana, ndipo mukhoza kuwonjezera tiana ta ziwala ndi ngumbi zochepa zikatuluka. Nunkhadala musam'patse, chifukwa mawanga ake owala aja ndi chenjezo la poizoni. Musagwirenso ziwala m'munda wa thonje, wa nzimbe kapena m'dimba mmene mwapoperedwa mankhwala. Ziwala mwagwirazo muyambe mwazidyetsa nkhwani, bonongwe kapena masamba a cham'mwamba usiku umodzi, pakuti chimene chili m'mimba mwa chiwala ndi chimene chimalowa m'thupi mwa bilimankhwe, ndipo kawiri pa sabata muziziwaza ufa wa chigoba cha dzira lowiritsa, wosinjidwa bwinobwino, kuti apeze kashiamu. Zotsala muzizichotsa madzulo, chifukwa zina zimamuluma akagona.

Inu ana, mawu awa ndi anu. Musamubweretsere mnzake, chifukwa bilimankhwe amakhala yekha, ndipo awiri akakhala khola limodzi wofookayo akhoza kusiya kudya mpaka kufa. Musamamupatsirane m'manja, ndipo mukafuna kumusuntha musamuzule panthambi, chifukwa mukhoza kumuthyola zala; ikani kamtengo kutsogolo kwake akwere yekha. Mukaona khungu lake layera n'kumasendeka, akufundula, ndiye musamuthandize kusenda. Aliyense wogwira khola asambe m'manja ndi sopo, popeza zokwawa zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba.

Ine maganizo anga ndi akuti timusunge milungu iwiri kapena itatu, mulembe m'makope mwanu zimene akudya ndi mmene akusinthira mtundu m'mawa, masana ndi madzulo, kenako tikamusiye m'mawa kusanatenthe pa tchire lowirira la m'mbali mwa mtsinje, kumene sikufika moto wolusa kapena mankhwala. Akasiya kudya masiku atatu tisanafike pamenepo, tidzamubweza tsiku lomwelo. A kalipentala abwera ndi matabwa ndi sefa, ndiye ana awiri atenge tepi ayeze masentimita 75 pa thabwa loyamba, ena anayi apite ndi aphunzitsi kukadula tinthambi, ndipo dengu ili libwerere pamthunzi tsopano lino, chifukwa dzuwa layamba kulifika.