Mawu a M'mawa: Mulungu Amene Amanyamula Mpaka Imvi

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye, m'mawa uno tilingalire za mantha amene ambiri tili nawo mumtima koma sitikonda kuwatchula, ndiwo mantha a ukalamba. Pafupifupi aliyense amapempha Mulungu masiku ochuluka, koma ndi ochepa amene amalakalaka zimene masikuwo amabwera nazo. Timaopa kufooka kwa mawondo ndi kuchita khungu, timaopa kusowa ndalama pamene mphamvu zogwirira ntchito zatha, ndiponso timaopa kuika anzathu m'manda mmodzimmodzi mpaka kusowa wokumbutsana naye zakale. Nkhawa zimenezi zikukhudza anthu ochuluka chaka ndi chaka, pakuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti pofika mu 2030, munthu mmodzi mwa 6 alionse adzakhala ndi zaka 60 kapena kuposerapo.

Baibulo silibisa kuwawa kwa ukalamba. Isaki anachita khungu mpaka analephera kusiyanitsa ana ake, wansembe Eli anali wosaona pamene anali ndi zaka 98, ndipo Mfumu Davide, amene anagwetsa Goliati ali mnyamata, ankamufunditsa zofunda koma osamva kutentha. Wolemba Salimo 71 anachita kuchonderera Mulungu kuti asamutaye pa ukalamba wake, ndiponso asamusiye mphamvu zake zikatha. Choncho agogo akamadandaula za thupi lawo, tisafulumire kuwadzudzula kuti chikhulupiriro chawachepera, pakuti kudandaula kotere kunapatsidwa malo m'Malemba.

Koma pansi pa mantha onsewa pali ena amene ine ndimaona kuti ndi aakulu kuposa kuopa imfa yeniyeniyo. Amenewa ndi mantha osanduka mtolo kwa ena. Pa 2 Samueli 19 timawerenga za Barizilai wa ku Giliyadi, munthu wolemera kwambiri amene anadyetsa Davide ndi anthu ake ku Mahanaimu pamene mfumuyo inkathawa mwana wake Abisalomu. Nkhondo itatha, Davide anamuitana kuti apite naye ku Yerusalemu kuti akamusamalire. Barizilai anali ndi zaka 80, ndipo anakana. Iye anafotokoza mosabisa kuti sankamvanso kukoma kwa chakudya ndi chakumwa, kuti makutu ake sankamvanso mawu a oimba, kenaka anafunsa chifukwa chimene iye akakhalire cholemetsa kwa mfumu. Anangoperekeza Davide pa mtsinje wa Yorodano, n'kupereka mnyamata wina dzina lake Kimuhamu kuti apite m'malo mwake, iye n'kubwerera kwawo kuti akafere pafupi ndi manda a makolo ake.

Pali ulemu waukulu m'mayankhidwe a mkuluyu, pakuti anavomereza msinkhu wake popanda kuwawidwa mtima, ndipo mwayi umene sakanatha kuugwiritsa ntchito anaupereka kwa wachinyamata. Komabe funso lake lija limandikhudza, chifukwa ndi funso la munthu amene wazolowera kupatsa ndipo kulandira kukumuvuta. Mayi amene analera ana, kuwasambitsa ndi kuwachezera usiku akadwala, amachita manyazi tsiku limene mwana wake wayamba kumusambitsa. Bambo amene banja lonse linkadalira thukuta lake amagwa mphwayi akamadikira kuti wina amugulire mankhwala. Ena amafika pobisa matenda, ena amachepetsa kudya, ndipo onsewa amati sakufuna kuvutitsa ana. Yesu anauza Petulo kuti ali mnyamata ankadziveka yekha n'kupita kumene wafuna, koma akadzakalamba adzatambasula manja ake, wina adzamumanga lamba n'kupita naye kumene sakufuna. Yohane akufotokoza kuti mawuwo ankanena za imfa imene Petulo adzalemekeze nayo Mulungu, komabe munthu aliyense wokalamba akawamva amazindikira kuwawa kwa kutambasula manja kuti wina akuthandize.

Yankho la Mulungu pa mantha amenewa lili pa Yesaya 46. Mneneriyo akuyamba ndi kufotokoza mafano a ku Babulo, Beli ndi Nebo, atasenzetsedwa pa nyama zotopa, milungu imene eni ake ayenera kuinyamula chifukwa siyingadzipulumutse yokha. Kenaka Yehova akuuza anthu ake kuti iwo wakhala akuwanyamula kuyambira ali m'mimba, ndipo adzawanyamulabe mpaka atakalamba ndi kumera imvi, pakuti ndiye anawalenga. Apa m'pamene maganizo athu ayenera kuwongoka. Palibe tsiku limene tinadziimira patokha, ngakhale m'zaka zimene tinkadziyesa amphamvu. Tonse tinayamba moyo tili m'manja mwa ena, ndipo palibe anatiwerengera kuti ndife opanda pake chifukwa choti sitinkatha kudzidyetsa. Ngati ulemerero wa munthu ukanakhala mu ntchito za manja ake, ukanatha pamodzi ndi mphamvu zake, koma umachokera kwa Iye amene anamulenga m'chifanizo chake, ndipo chifanizocho sichifufutika ndi makwinya.

Mantha ena amene tiyenera kuwatchula ndi a kuiwala. Padziko lapansi pali anthu oposa 55 miliyoni amene ali ndi matenda a muubongo ochititsa munthu kuiwala, ndipo ofala kwambiri mwa iwo ndi a Alzheimer. Amenewa ndi matenda enieni, osati chinthu chimene wokalamba aliyense ayenera kukumana nacho, ndipo wodwalayo amafunika kuonedwa ndi adokotala komanso kumulezera mtima, osati kumuseka kapena kumunenera zoipa. Mkhristu angafunse kuti, nanga ndikadzaiwala mayina a ana anga, ndikadzaiwala ngakhale pemphero, zidzandithera bwanji? Pa Yesaya 49 Mulungu akuti ngakhale mayi ataiwala mwana wake woyamwa, Iye sadzatiiwala, pakuti watilemba pa zikhatho zake. Chipulumutso chathu chagona pa kukumbukira kwake, osati pa kwathu.

Kwa inu amene mukadali ndi mphamvu, dziwani kuti kawirikawiri Mulungu amanyamula okalamba kudzera m'manja mwa anthu. Yesu anadzudzula Afarisi mwamphamvu chifukwa cholola munthu kunena kuti chuma chake ndi Korbani, ndiye kuti choperekedwa kwa Mulungu, n'cholinga chozemba kuthandiza atate ndi amayi ake. Paulo naye analembera Timoteyo kuti ana ndi adzukulu ayambe aphunzira kupembedza m'banja mwawo pobwezera makolo zabwino. Kuthandiza kokha sikukwanira ngati kukuchitika mong'ung'udza, chifukwa nkhope yokwinya imatsimikizira wokalamba chimene amachiopa chija. Afunseni maganizo awo pa nkhani za banja, mvetserani ngakhale akubwereza nkhani imene munaimva kale, ndipo musawalande ntchito zing'onozing'ono zimene akadathabe kuchita. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikupereka kwa Inu okalamba amene adzuka ndi ululu m'thupi, amene akukhala okha, ndi amene nzeru zawo zayamba kusokonezeka. Apatseni mtima wolandira thandizo popanda manyazi, ndipo limbitsani amene akuwasamalira usana ndi usiku kuti asatope. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.