Ofesi yosadya magetsi imayambira pa pulani

Zikomo amayi ndi abambo. Akumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambe.

Anthu ambiri akamva za ofesi yosawononga zinthu, maganizo amathamangira ku sola padenga. Sola ndi yabwino ndithu, koma ine ndimaiika kumapeto. Funso loyamba, njerwa isanaikidwe ngakhale imodzi, ndi ili: nyumbayo iyang'ana kuti?

Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo limabwera chammbali, n'kulowa pazenera mpaka pa desiki. Khonde silingalitchinge. La masana limakhala pamwamba, ndipo denga longotulukira kunja pang'ono limaliletsa. Ndiye makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, mazenera akuluakulu akhale kumeneko, kum'mawa ndi kumadzulo kukhale ang'onoang'ono. Zimenezi n'zaulere, ndi pensulo chabe pa pepala. Mukalakwitsa apa, makina oziziritsa mpweya azidzalira tsiku lonse, bilu ya magetsi n'kumakwera mwezi ndi mwezi.

Ku Harare kuli nyumba ya maofesi ndi masitolo yotchedwa Eastgate Centre, yomwe inatsegulidwa mu 1996. Anajambula pulani yake ndi a Mick Pearce, ndipo nzeru zina anazitenga pa chulu cha chiswe. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira wa panja n'kuupititsa m'mipata ya konkire. Konkireyo imasunga kuzizirako, masana n'kumayamwa kutentha kwa m'maofesi. Mpweya wotentha, poti ndi wopepuka, umakwera wokha n'kutulukira m'machumuni a padenga. Nyumba yaikulu choncho, koma maofesi ake sadalira makina oziziritsa mpweya amene tinawazolowera aja. Komatu musangokopera. Njirayi imayenda bwino kumene usiku kumazizira. Kumalo kumene usiku kumakhalabe kotentha ndi kwachinyontho, chofunika kwambiri ndi mthunzi komanso mazenera oyang'anizana kuti mphepo izidutsa.

Za mababu sinditaya nthawi. Babu la LED limadya magetsi osaposa gawo limodzi mwa magawo anayi a babu lakale lija lotentha ukaligwira. Ikani madesiki pafupi ndi mazenera, makoma apakidwe penti yowala, maswichi agawidwe kuti mbali yowala kale isamayatsidwe limodzi ndi ya mdima.

Madzi. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la sikweya mita imodzi, mwapeza lita imodzi. Tangowerengerani denga lonse la ofesi! Madzi amenewo alowe m'thanki, azigwira ntchito kuchimbudzi ndi pokolopa.

Pali china chimene ambiri sakonda kuchimva. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Choncho musanagumule nyumba yakale kuti mumange yonyezimira ndi magalasi, onani kaye ngati singakonzedwe. Ine nyumba za magalasi okhaokha zija sindigwirizana nazo m'dera lotentha, ngakhale zimaoneka bwino pachithunzi.

Bambo uko mwakweza dzanja, mukufunsa za satifiketi? Yotsimikizira kuti nyumba siwononga zinthu ilipo, yotchedwa EDGE, ya bungwe la IFC, lomwe ndi nthambi ya Banki Yaikulu Padziko Lonse. Kuti muipeze, pulani yanu iyenera kuonetsa kuti mupulumutsa magawo 20 pa 100 a magetsi, chimodzimodzinso madzi ndi mpweya wa kaboni wotuluka popanga zomangira, poyerekeza ndi nyumba wamba ya m'dera lomwelo. Mukachepetsa chonchi, m'pamene muitane wa sola adzayeze denga, chifukwa mapanelo ofunika adzakhala ochepa. Mayi, funso lanu ndi lotani?