Opaleshoni yochepetsa thupi ndi nyamakazi ya m'mawondo

Zikomo amayi ndi abambo. Angapo mwa inu mwandifunsa kuti munthu wonenepa kwambiri amene mawondo akumuvuta, akachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi, kodi mawondowo amachira?

Tiyambe ndi bondolo. Mukamadya ntchafu ya nkhuku, kunsonga kwa fupa mumapezako kanthu koyera, koterera. Nafenso tili nako m'mawondomu, ndipo ntchito yake ndi kuteteza mafupa kuti asamakhulane. Kakaperepeseka, fupa limakhula fupa linzake. Ndiyo nyamakazi tikunenayi: bondo kuuma m'mawa, kulira mukamakwera chitunda, kukanika kugwada, kudzuka pamphasa mochita kugwira khoma.

Thupi likalemera, mawondo ndi amene amasenza. Mu 2005 akatswiri a pa Wake Forest University ku America anapeza kuti munthu akatsika ndi kilogalamu imodzi, katundu wa pabondo amachepa ndi makilogalamu pafupifupi 4 nthawi iliyonse akaponda pansi. Mukatsika ndi 10, ndiye kuti 40 achoka. Komanso mafuta a m'thupi samangokhala phee. Amatulutsa tinthu tina tolowa m'magazi timene timatupitsa mfundo, n'chifukwa chake anthu onenepa kwambiri nyamakazi imawagwiranso m'zala, pomwe zala sizisenza thupi.

Pa opaleshoniyi dokotala sachotsa mafuta ayi, amagwira chifu. Njira yofala, yotchedwa sleeve gastrectomy, amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifucho. Ina, ya gastric bypass, amasiya kachifu kakang'ono n'kukalumikiza ku matumbo. Munthu amakhuta msanga, njala imachepa. Siichitidwa kwa aliyense wa mimba yaikulu. Amayamba ayeza kulemera ndi kutalika kwanu, n'kuonanso ngati muli ndi shuga kapena BP.

Nanga mawondo? Ululu umachepadi kwa ambiri. Ku Melbourne, m'dziko la Australia, anatenga anthu 82 amene ankadikira kuikidwa bondo lachitsulo. Theka la iwo anayamba awamanga kaye lamba pachifu, imene ndi njira inanso ya opaleshoni yochepetsa thupi. Zotsatira zinatuluka mu 2022: mwa anthu 41 amenewa, 12 anakana okha bondo lachitsulolo chifukwa anali atapeza bwino. Mwa 41 enawo, okana anali awiri basi.

Koma apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene anthu amanamizana. Kanthu koterera kaja kakatha, katha. Sikameranso ngakhale muwonde bwanji. Opaleshoni imapepukitsa katundu ndi kuziziritsa kutupa, koma ngati mafupa anayamba kale kukhulana kwambiri, bondo lachitsulo lingafunikebe. Mwa anthu 41 aja, ochuluka sanalikane. Ndipo thupi likabwerera, ululu nawonso ukhoza kubwerera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapiritsi. Ambiri a nyamakazi munazolowera Brufen kapena diclofenac, bondo likangopweteka mwatuma mwana kugolosale. Munthu wochitidwa gastric bypass mankhwala amenewa amamuletsa, chifukwa amayambitsa zilonda pamene analumikiza paja, mpaka kutuluka magazi. Choncho mufunseni dokotala musanalowe ku opaleshoni kuti bondo likadzapweteka mudzamwa chiyani. Mudziwenso kuti mavitamini ndi a moyo wonse: B12, ayironi, calcium ndi vitamini D. Mukawasiya magazi amachepa, mafupa n'kufooka.

Ndikudziwa kuti ambiri pano opaleshoni yotere sitingaikwanitse. Kafukufuku wina wa ku America, amene anatuluka mu 2013, anatsata anthu 454 kwa miyezi 18. Amene anachepetsa kudya n'kumachitanso masewera olimbitsa thupi anatsika ndi magawo pafupifupi 10 pa 100, ndipo ululu wawo unachepa ndi theka. Kwa wolemera makilogalamu 100, amenewo ndi makilogalamu 10. Sikelo ili apo pakhomo, amene mukufuna kuyezedwa mubwere tikamaliza mafunso.