Ana asukulu akafika pakhomo panu ndi mafunso

Zikomo a tcheyamani. Mafumu athu, atsogoleri a mabuloko, abusa ndi ashehe, amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, ndakupatsani moni nonse. Abale athu a Chitumbuka, monire mose. Ndiyankhula m'Chichewa poti ndi chimene tikumvana tonse pano, koma wofuna kufunsa m'Chitumbuka afunse, timvana bwinobwino.

Ndapemphedwa kuti ndikambe za ana a sukulu za ukachenjede amene akuyenda m'makomo mwathu ndi mapepala a mafunso. Mwawaona nonse. Amabwera awiriawiri, kachikwama kumsana, foni m'manja, nsapato zili matope okhaokha. Ena achokera ku Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, ku Luwinga uko, ena ku koleji ya St John of God, ena ku University of Livingstonia. Ine ndagwira ntchito ya zaumoyo m'madera muno zaka zambiri, ndipo ambiri mwa anawa ndawaperekeza ndine, ku Chibavi, ku Masasa, ku Mchengautuwa mpaka ku Zolozolo. Zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa.

Mwana akafika chaka chomaliza amayenera kuchita kafukufuku kuti alandire digiri yake. Amasankha funso limodzi n'kulilondola mpaka kumapeto. Wina amafuna kudziwa chimene chikusiyitsa atsikana sukulu, wina za ngongole za katapila, wina za anyamata amene atha ndalama ndi kubetcha mpira pa foni, wina za mabanja amene bambo anapita ku Joni. Masiku ano ambiri akufunsa za umoyo wa maganizo, ndipo ine zimenezi zimandikondweretsa, chifukwa ndi nkhani imene takhala tikuikankhira pansi pa mphasa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Mzuzu muli anthu 221,272. Mwana mmodzi sangafunse onsewo. Ndiye amachita monga muchitira inu amayi pogula chimanga ku Vigwagwa. Simukhuthula thumba lonse. Mumapisa dzanja pamwamba, pakati, mpaka pansi, n'kudziwa ngati muli anankafumbwe. Wopisa pamwamba pokha amapita kwawo ndi chimanga chofumbwa. N'chifukwa chake mumaona mwana alowa nyumba iyi, adumpha zitatu, alowa inayo. Si tsankho ayi, ndipo sikuti aneba anu am'patsa kanthu. Komanso ndinene mosabisa, kafukufuku wa mwana wasukulu si kulemba maina a Mtukula Pakhomo kapena a feteleza wotsika mtengo. Tsiku lina ndinaona bambo wina akutuma mwana kuti akabise njinga ndi wailesi kuseri tisanakhale pansi. Sindikuwanyoza, umphawi ndi umene umaphunzitsa munthu zotere. Koma mukanena kuti mumadya kamodzi pomwe mumadya kawiri, kapena mukabisa vuto lenileni chifukwa cha manyazi, mwanayo amalemba bodza, ndipo amene adzawerenge adzakonza mankhwala a nthenda imene mulibe.

Tsono ndifike pa chimene chandibweretsa kwenikweni, nkhani ya mawu.

Pali pepala lina limene anthu ofufuza za maganizo amakonda, lotchedwa PHQ-9. Lili ndi mafunso 9, linalembedwa ku America m'Chingerezi, ndipo limafunsa za masabata awiri apitawa: mmene mukugonera, mmene mukudyera, kutopa, kusowa chidwi ndi zinthu zimene kale zinkakusangalatsani. Ndi pepala labwino, koma likamasuliridwa mwachisawawa limaphonya munthu ali pomwepo.

Tinafika pa khonde la mayi wina ku Chibavi, ine ndi mtsikana wina wasukulu. Tinawapeza akusola nyemba m'lichero. Mtsikanayo anawerenga monga zinalembedwera: "Kodi pa masabata awiri apitawa mwakhala okhumudwa?" Mayi aja anati, "Ayi mwanangu, palibe wandikhumudwitsa." Ndipo ananena zoona, chifukwa kwathu kuno kukhumudwa ndi pamene wina wakulakwira. Mtsikana uja anali atatsitsa kale cholembera kuti achonge kuti palibe vuto. Ine ndinangofunsa kuti, "Nanga usiku, mayi, mumagona?" Manja aja anaima m'lichero. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Tulo ndinasiyana nato kalekale. Tambala woyamba amandipeza ndili maso. Mtima umathamanga ngati ndaba, paliwombo apa pamatentha. Ndimaganiza kwambiri." Amuna awo anapita ku Johannesburg, chaka choyamba ankatumiza kangachepe, kenako foni inangoti zii. Ku banki m'khonde anali ndi ngongole, ana atatu ali pa sukulu. Kuchipatala anapitako katatu, katatu konseko anawayeza malungo osawapeza, n'kubwerako ndi panado.

Mwaona? Nthenda inalipo, dzina lake mayiwo ankalidziwa, koma pa pepala panalibe dzinalo. Ife sitinena kuti ndili ndi nthenda ya maganizo. Timati mtima sukukhazikika, thupi lalemera, mutu ukutentha, nsima sikulowa, maganizo andichuluka. Mwana wasukulu amene sanamve mawu amenewa kwa inu adzabwerera ku sukulu n'kukalemba kuti ku Chibavi anthu ali bwino.

Ku Zimbabwe anzathu a Chishona ali ndi mawu akuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri komweku. Dokotala wina wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anawatenga mawu amenewa mozama. Iye ndi anzake anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu mzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzilimodzi, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Lero njira imeneyi yafika m'mayiko ena ambiri. Chiyambi chake chinali kumva mmene anthu eni ake amatchulira ululu wawo. Ndiye mwana akakufunsani funso losamveka, musangoti eya kuti achoke msanga. Muuzeni kuti, "Mwanangu, ife kuno sitinena choncho, timanena chonchi." Pamenepo mwam'phunzitsa chimene aphunzitsi ake sangam'patse m'kalasi.

Za chikhalidwe nazonso akufunsa. Vimbuza, gule wa machiritso wa kuno kumpoto, bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse a pa dziko, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu. Amene munakhalapo pa Vimbuza mukudziwa mmene zimakhalira. Wodwala ali pakati, ng'oma zikulira, amayi azungulira akuimba ndi kuomba m'manja usiku wonse. Kaya munthu umakhulupirira mizimu kaya ayi, chimodzi n'choonekeratu, wodwalayo sali yekha, mudzi wonse wasiya tulo chifukwa cha iye. Mwana wasukulu wobwera ndi mtima wonyoza sadzaona zimenezi, ndipo ine ndimawauza asanalowe m'mudzi kuti kunyoza akusiye pa geti ya sukulu. Koma nanenso ndili ndi mawu kwa ife makolo. Ndaonapo mnyamata amene ankamva mawu a anthu osaoneka, atamangidwa zingwe m'nyumba miyezi, manja atatupa, abale akuyenda naye uku ndi uku. Atafika kuchipatala n'kuyamba mankhwala, pasanathe nthawi yaitali anayambanso kupita kumunda. Miyezi ija inatayika pachabe. Chimodzimodzi khunyu, mankhwala ake alipo. Mwana akakufunsani kuti munayamba kupita kuti, kwa sing'anga, kwa abusa kapena kuchipatala, ndipo munakhalako nthawi yaitali bwanji, muyankheni zoona. Sakufuna kukuimbani mlandu. Akufuna kudziwa pamene anthu amachedwera, kuti asing'anga, azibusa ndi achipatala adziwane n'kumatumizirana odwala.

Abambo, ndikuyang'ana inu tsopano. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo amuna ndi amene achuluka. Malipoti a apolisi kuno kwathu nawonso amaonetsa amuna ambiri kuposa akazi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinaona abambo amene ankaseka nafe pa bawo atangoti duu, ena n'kuyamba kulawirira kachasu m'mawa. Koma ana asukulu akabwera, abambo mumati funsani amayiwo, ine ndikupita ku ganyu. Mapeto ake mabuku adzaza ndi mawu a amayi okhaokha, za inu mulibe. Khalani pansi mphindi makumi atatu. Palibe amene adzadziwe kuti munanena ndinu.

Apa ndafika pa ufulu wanu, ndipo mumvetsetse bwino. Malamulo a kafukufuku sanabwere mwamasewera. Ku America, m'dera la Tuskegee, kuyambira 1932 mpaka 1972, madokotala a boma anatsatira amuna akuda pafupifupi 600, ambiri mwa iwo odwala chindoko, osawauza zoona za nthenda yawo. Mankhwala a penisilini atapezeka anawamana dala, kuti aone mmene nthendayo imathera munthu. Zoipa ngati zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti lero aliyense wofufuza pa anthu ayambe wapempha chilolezo. Ku Mzuni kuli komiti yake younika kafukufuku asanayambe, ndipo dziko lili ndi ina ya National Health Sciences Research Committee. Choncho mwana akafika, m'funseni kalata. Safunsa anadya phula. Kalatayo imam'tetezanso iye mwini. Mukukumbuka mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, mmene anthu osalakwa anaphedwera chifukwa chongokhala achilendo. Mwana wodziwika kwa amfumu, woyenda ndi kalata ndi munthu wa m'dera, amayenda mwamtendere.

Asanafunse kalikonse akufotokozereni m'chiyankhulo chimene mumamva kuti akufufuza chiyani, ndipo mukavomera ndi pamene musaine kapena kudinda chala. Mukakana palibe mlandu, kuchipatala adzakulandirani monga kale. Mukhoza kuvomera n'kusiyira pakati funso likakulasani. Akafuna kujambula mawu pa foni apemphe kaye. Mwana wosakwana zaka 18 safunsidwa popanda chilolezo cha kholo. Ndipo chonde, apongozi ndi abambo, mayi akamafunsidwa m'patseni mpata. Ndakhalapo pa khonde pamene funso lililonse lopita kwa mkazi ankayankha ndi mwamuna, mkaziyo maso ali pansi akukanda dothi ndi kamtengo. Tinachokapo ndi pepala lodzaza, koma la mawu a munthu wina.

Inu ana asukulu mwakhala apa, mawu awa ndi anu. Mukatsegula bala muzikhala ndi chomangira. Simungafunse mayi za mwana amene anamwalira, iye n'kuyamba kulira, inu n'kutseka kope n'kuti zikomo tapita. Khalani naye mpaka mtima utsike, ndipo muzidziwa kokam'tumiza. Kuno tili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Anthu amaganiza kuti nthenda ya maganizo ndiye ulendo wa ku Zomba basi, pomwe pompano pali chipatala cha St John of God, pali cha Mzuzu Central, ndipo ngakhale pa chipatala cha Mapale mukhoza kuyambira. Munthu akakuuzani kuti moyo watopa nawo, musamusiye yekha ndipo musadikire mawa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mpaka lero. Zaka zapitazo ndinaperekeza mnyamata wina, sinditchula sukulu yake, kukacheza ndi amayi amasiye. Gogo wina anam'fotokozera zonse, mmene abale a malemu anam'landira malata ndi mbale zomwe, zinthu zimene ngakhale ana ake sanawauzepo. Mnyamatayo analonjeza kuti adzabwera kudzanena zimene wapeza. Sanabwerenso. Gogo uja akandiona pa msika ankandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Mwana uja anapita nawo kuti mawu anga?" Anamwalira ndisanam'patse yankho. Mawu akewo ali m'buku la Chingerezi pa shelefu ya laibulale, mnyamata anavala gauni n'kujambulitsa, gogo sanamve ngakhale chiganizo chimodzi.

Koma ndaonanso wina amene anabwerera. Mtsikana uja wa pa khonde la ku Chibavi atamaliza anapempha amfumu kuti aitanitse amayi. Anaima pansi pa mtengo wa mango ndi pepala limodzi lolemba m'Chichewa, osatchula dzina la munthu, n'kunena kuti ambiri mwa amene anacheza nawo sagona chifukwa cha ngongole ndi amuna amene anasiya kuimba foni. Amayi anayang'anana. Aliyense ankayesa kuti ali yekha. Kuchokera tsiku limenelo gulu lawo la banki m'khonde linagwirizana kuti asanatsegule bokosi la ndalama azifunsana kaye kuti wagona bwanji, ndipo mayi wa nyemba uja anam'perekeza anzake awiri kukaonana ndi aphungu.

Ndiye mafumu athu, pempho langa ndi ili. Mwana akabwera kudzapempha chilolezo cholowa m'dera lanu, musanavomere m'funseni tsiku limene adzabwere kudzatiuza zimene wapeza, mulilembe m'buku lanu pamodzi ndi nambala ya mphunzitsi amene akumuyang'anira. Akadzabwera asadzatiwerengere buku lonse, tsamba limodzi la Chichewa kapena Chitumbuka n'lokwanira.

Ana anayi awa ayamba kuyenda Lachiwiri, kuyambira buloko ya kumtunda kwa mjigo. Taimirirani anthu akuoneni nkhope. Makalata awo ali ndi a tcheyamani, wofuna kuwaona awaone tikamabalalika. Ndaona amayi akweza dzanja kumbuyoko, yambani inuyo mayi.